Laputopu Imene Sanaiwaze Mankhwala

Amene akufuna kuseka asekeretu pano ndisanayambe, chifukwa nkhani iyi ndikaiyamba sindifuna wondidula.

Ine ndine Jailosi. Amene mumadutsa pa Kampepuza mukundidziwa, ndine uja wobena nyimbo m'mamemori ndi m'mafulashi, kashopu kanga kali kuseri kwa ogulitsa kabichi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Sikuti mutu ndinalibe, ayi. Kwathu mbuzi zinali zokwanira kuphunzitsa mwana mmodzi, ndipo makolo anasankha mng'ono wanga Fanuel. Ine ndinkaweta mbuzizo, iye ankazidya ndi cholembera.

Tili ana tinkagona pa mphasa imodzi, bulangeti limodzi. Amene munakhalako ku Ntcheu mukudziwa mmene kumazizirira tikakolola. Fanuel anali wamanzere, ndipo ankagona kumanzere kwanga. Ankakoka bulangeti pang'onopang'ono ngati sakudziwa, mpaka ine kudzidzimuka msana uli pamtunda. Ndikadandaula amayi ankati, "Musiye mnzako, mawa ali ndi mayeso." Mayeso akewo sankatha.

Anaphunzira, anapeza ntchito ya makompyuta ku Lilongwe, anakwatira Nasibeko, mkazi wofatsa wa ku Bembeke, anabereka mwana mmodzi. Kenako anadwala mutu masiku ochepa, basi, tinakamuika kumudzi.

Kwathu katundu wa womwalira sitigawana chigawiregawire. Tsiku lometa timamutulutsa pabwalo, mwini mbumba amabwera ndi beseni la madzi a mankhwala ndi kanthambi ka masamba, n'kumawaza chinthu chilichonse uku akulankhula: "Iwe uje, ichi chinali chako, lero tachipereka kwa uje, usachilondole." Malume athu a Ngozo anachita zimenezo. Njinga yamoto anaiwaza, matiresi anawaza, nsapato, ngakhale ayironi. Atafika pa laputopu, msuweni wathu wina wa ku koleji anadzambatuka.

"Malume, imeneyo ayi. Madzi akalowa yafa."

Malume anaima, kanthambi kali m'mwamba kakudontha. "Nanga titani?"

"Ingoperekani. Ndi makina chabe."

Njinga yamoto si makina? Palibe anafunsa. Kwathu wophunzira akatsokomola anthu amati walankhula. Malume anaidumpha laputopu ija, ndipo poidumpha anadumphanso mawu aja. Anangoinyamula n'kundipatsira.

"Jailosi, iwe ndi nyimbo zako, tenga ichi. Koma ukafufute zonse zili m'katimo. Nyumba ya womwalira sitiisiya chiimire, timagwetsa."

Njinga yamoto inapita kwa msuweni yemwe uja. Kompyuta yanga yakale inali itapsa ndi magetsi, shopu ili yotseka, ndiye laputopuyo kwa ine inali khasu.

Ndikumanga katundu kuti ndizibwerera, mlamu wanga Nasibeko anabwera n'kugwada chapatali, mpango wakuda uli kumutu.

"Alamu, ndili ndi pempho."

"Nenani."

"M'menemo muli zithunzi zathu, ndi mawu awo amene ankajambula akuimbira mwana kuti agone. Panopa mtima sungandilole kuzimva. Musafufute. Tikadzamanga chiliza ndidzabwera kudzatenga."

"Pasiwedi mukuidziwa?"

"Ndikuidziwa. Ndidzailemba ndekha tsiku limenelo."

Ndinavomera. Wamasiye sumukanira anthu akuona.

Nditaiyatsa ku shopu ndinapeza zachilendo. Simunali Windozi imene ine ndinazolowera. Munali ina yake, akuti Linakisi, ndipo inangondiyang'ana ikufuna pasiwedi. Ndinakwera minibasi kupita nayo ku boma kwa Lemani, mnyamata wokonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa depoti.

"Madala, iyi inali ya munthu wozitsata," anatero Lemani. "Ndifomate, ndifufute zonse?"

"Mlamu wakana. Malume alamula. Ine ndikufuna kudya."

Anaseka. "Ndiye tigawe. Hadi, mosungira zinthu m'katimu, ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi. Timanga khoma pakati. Uku kukhale Linakisi ya malemu mmene anaisiyira, uku tiike Windozi yanu. Mukayatsa izikufunsani kuti mulowa khomo liti."

"Sizimenyana?"

"Aliyense kwake. Sizionana n'komwe."

Anagwira ntchitoyo ine ndikuona. Anandionetsa kamzere pa sikirini, n'kukadula pakatikati, uku kwanga uku kwa Fanuel. Windozi itangolowa inadziyesa ili yokha m'nyumbamo, inabisa khomo la mnzake, ndiye Lemani anatenga fulashi ina n'kulibwezeretsa. Atamaliza anaizimitsa n'kuyatsanso. Panabwera mizere iwiri pa sikirini yakuda. Pamwamba Linakisi, pansi Windozi, ndipo m'munsi manambala akuwerenga chobwerera.

"Mukachedwa kudina, imalowa yokha ku wapamwambayo," anatero.

"Ngakhale m'makina momwe Fanuel pamwamba, ine pansi? Sintha."

Anasintha. Windozi inakwera pamwamba. Ndinabwerera ku Kampepuza mtima uli m'malo.

Masiku oyamba zinayenda. Akabaza anabwerera, azimayi a kwaya anabwerera, ana asukulu ofuna mafilimu. Madzulo ndinkaitchaja kudzaza, kuizimitsa, kuiika m'thiranki yachitsulo pansi pa tebulo, loko, chitseko cha shopu loko. Makiyi onse ndimagona nawo m'thumba.

Choyamba inali nthawi. M'mawa wina ndinaona kuti wotchi ya pakona pa sikirini yatsalira m'mbuyo maola awiri. Ndinaikonza. M'mawa mwake inatsaliranso. Ndinamuimbira Lemani.

"Zimenezo zimachitika, madala. Ziwirizi zimawerenga nthawi mosiyana. Munthu akalowa ku Linakisi, pobwerera ku Windozi amapeza wotchi yasokonekera."

"Ine sindinalowekotu."

"Mwina munachedwa kudina."

"Ukachedwa ikulowa ku Windozi. Suja unasintha iwe?"

"Mungoikonza, si vuto lalikulu."

Ndinkaikonza m'mawa uliwonse, mpaka zinakhala ngati kusesa pakhomo. Kenako tsiku lina ndikuyatsa ndinaona kuti mizere ija yabwerera mwakale. Linakisi pamwamba. Ndinadina msanga, ndinalowa kwanga, sindinauze munthu.

Chachiwiri ndinachimva ndi manja. Kunja kukuzizira, thiranki ikuluma zala, koma laputopu ndikuitulutsa ili yofunda kunsi ngati nkhuku yangochokapo. Batire imene ndinadzaza madzulo ili pafupi kutha. Ndinaganiza kuti mwina sindikuizimitsa bwino. Ndinayamba kudikira mpaka kanyale komaliza kathime, kuika khutu kuti ndimve ngati chikupizira chasiya. M'mawa, yofunda.

Mausi ndinkaisiya patebulo, kumanja, mmene munthu aliyense amaisiyira. Ndinayamba kuipeza kumanzere, chingwe chake chitakulungidwa bwinobwino. Ine chingwe sindikulunga. Anthu okulunga zingwe ndi amene anakhalako m'maofesi.

Pakhomo pa shopu yanga pamakhala mayi Nachisale, okazinga zitumbuwa. Iwo amafika kusanache kuti ayatse moto. Tsiku lina ndikutsegula anandiitana.

"A Jailosi, lendi yakukanikani kunyumba kodi? Mwayamba kugona mu shopu?"

"Ndani wakuuzani?"

"Maso angawa. Ndimaona kuwala pansi pa chitseko. Ndipo simunandiuze kuti mumatha kuimba. Chapansipansi, ngati mukugoneka mwana."

"Ndi wailesi," ndinatero.

Anayang'ana loko amene ndinali nditangotsegula kunja kwa chitseko, anayang'ana ine, n'kubwerera ku chiwaya chawo. M'mawa mwake ndinapeza atasamutsa mbaula yawo kupita tsidya la msewu. Anati uku kukubwera utsi wa magalimoto.

Kenako anabwera Sinoya, wakabaza wa njinga yamoto amene amayenda ndi sipika pa handulo. Anaponya memori patebulo.

"Madala, mwandiikira chiyani umu?"

"Nyimbo zimene unanena."

"Nyimbo zatha bwinobwino. Ndili pamsewu wa ku Kandeu ndi kasitomala kumbuyo, kenako sipika yayamba kupuma."

"Kupuma bwanji?"

"Munthu wogona. Ndi mphasa kulira ngati akutembenuka. Mayi uja anatsika njinga isanaime, ndalama sanalipire."

Ndinaiika memoriyo mu laputopu. Nyimbo zinalimo zonse, ndipo kumapeto kunali kanthu kena kopanda dzina. Sindinakatsegule. Ndinakafufuta n'kumuonjezera nyimbo zina zaulere. Koma pamalo a akabaza nkhani sigona. Anayamba kundidutsa kupita kwa mnyamata wina wobena nyimbo pafupi ndi chigayo, amene ngakhale nyimbo za chaka chatha alibe.

Mlungu umenewo ndinatseka msanga tsiku lina chifukwa kunalibe anthu. Dzuwa linali lisanalowe koma nkhungu inali itatsika m'phiri, ya kuno ija yoti mbuzi umaimva usanaione. Panjira ya kunyumba ndinapeza munthu ataima pambali, jekete ataphimba nayo kumutu, chikwama kudzanja lamanzere. Nsapato zake zinali zoyera, njira yonse ili matope.

"Nthawi ili bwanji, achimwene?"

Ndinayang'ana foni n'kumuuza.

"Yanu yatsogola," anatero mofatsa.

Ndinayenda. Sindinatembenuke. Anthu ambiri amaitana munthu kuti achimwene, si chachilendo. Koma nditafika kunyumba ndinakhoma chitseko msangamsanga.

Chimene chinandipweteka kwenikweni si zimenezo. Zoopsa sizidyedwa, koma njala imapha. Laputopu inayamba kundiuza kuti malo atha. Ine mbali yanga ndinali ndisanaidzaze ndi theka lomwe. Ndinafufuta mafilimu akale. Patapita masiku, malo atha. Ndinafufuta nyimbo za maukwati. Malo atha. Ndinakweranso minibasi.

Lemani anatsegula kamzere kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Munapita nayo kwa wina?"

"Kwa ndani? Ndalama zake ziti?"

"Khoma ili ndinalimanga apa, pakatikati. Pano lili apa." Analoza chakumapeto. Mbali yanga inali itatsala kachidutswa.

"Limasuntha lokha?"

"Kuti lisunthe pamafunika munthu akhale pansi, alisunthe."

Analibwezera pakati. Sanandilipiritse, ndipo nthabwala zake zija tsiku limenelo analibe. Sipanathe mlungu, linayambanso kubwera. Silinkabwera kamodzi. Lero pang'ono, mawa pang'ono, ngati sakudziwa. Kakokedwe kameneko ine ndinkakadziwa kuyambira ndili mwana.

Ndinamuimbira Nasibeko ku Bembeke.

"Alamu, bwerani mudzatenge zinthu zanu."

"Chiliza sitinamange, alamu. Munavomera."

"Ndiye ndiuzeni pasiwedi, Lemani akukopereni pa fulashi, musunge osatsegula."

Chapatali ndinkamva mwana akulira. "Pasiwediyo ndi dzina limene ankandiitanira tikakhala awiri. Sindingalitchule kwa munthu. Pirirani pang'ono."

Pirirani. Mawu amene ndakhala ndikuuzidwa moyo wanga wonse.

Tsiku la msika linafika. Anthu anadzaza, mayi wina wa kwaya anabwera ndi mafoni a anzake m'kathumba. Laputopu inakana kulandira ngakhale nyimbo imodzi. Windozi yomweyo inkayenda ngati nkhalamba yonyamula mtolo. Mayi uja anadikira, anadikira, n'kutola mafoni ake kupita kuchigayo. Ndinatseka shopu masana dzuwa lili pamutu.

"Fufuta," ndinamuuza Lemani. "Gwetsa khoma. Yonse ikhale yanga."

"Za mlamu wanu zipita zonse. Sindingazitulutse, malemu anazitsekera."

"Ndamva."

"Madala, pitani nayo kaye kwa malume anu. Akaiwaze ngakhale pachivindikiro pokha, akalankhule mawu aja munandiuza."

"Iwe wa Fomu 4 ukunena zimenezo?"

"Ine ndimakonza makina. Izi sizikuoneka za makina."

Kupita kwa malume kunali kukawauza kuti sindinamvere lamulo lawo, ndiye andikalipire pamaso pa msuweni uja. Ndinakana. Lemani anakonza zonse mpaka panatsala funso limodzi pa sikirini. Anachotsa manja n'kukankhira mpando kumbuyo.

"Batani ili mudine nokha."

Ndinadina. Chikupizira cha m'kati chinalira kanthawi, chinatsika, chinakhala chete. Palibe china chinachitika. Kunja minibasi zinkaitanira anthu a ku Balaka monga mwa masiku onse.

Ndinene zoona, masiku otsatira anali abwino. Wotchi inkalondola. Laputopu ndinkaipeza yozizira ngati mwala, mausi ili kumanja pomwe ndinaisiya, chingwe chili balala. Malo anali mbwee. Sinoya anabwerera, anzake anamutsatira. Ngakhale mayi Nachisale anabwezera mbaula yawo pakhomo panga osanena kanthu. Ndinati malume ananena zoona, nyumba ya womwalira timagwetsa.

Kunyumba ndimakhala ndekha. Mkazi wanga anachoka kalekale, anati ndine wamakani. Ndimagona pa kamatiresi pamwamba pa mphasa, bulangeti limodzi.

Kuzizira kutafika pachimake ndinadzuka m'mawa wina msana uli pamtunda, bulangeti lonse lili kumanzere. Ndinati ndagona moipa. M'mawa mwake chimodzimodzi. Tsiku lotsatira ndinalipinda pansi pa thupi langa n'kuligonera. Tambala asanalire ndinadzidzimuka, osati chifukwa cha phokoso. Bulangeti linkayenda. Pang'ono, n'kuima. Pang'ono, n'kuima. Ndinaligwira ndi dzanja. Linadikira mpaka dzanja litatopa. Kenako mphasa inalira kumanzere kwanga, mmene imalirira munthu akapeza malo abwino ogona.

Sindinayatse tochi. Ndinangoyang'ana kudenga mpaka kunayera. Kutacha panalibe munthu. Ndinaika dzanja pamatiresi mbali imeneyo. Panali pofunda.

Ulendo uno ndinapita kwa malume, laputopu ili m'chikwama. Ndinawapeza akusoka thumba la chimanga. Ndinawafotokozera zonse, iwo osasiya kusoka.

"Ndinakuuza ugwetse."

"Ndagwetsatu."

"Unamuuza?"

"Kumuuza chiyani?"

"Nyumba timagwetsa titamuuza mwini wake kuti zako zatha kuno, pita uko. Iwe wangomugwetsera denga pamutu. Umati apite kuti? Wapita kumene amakudziwa."

"Amene simunawaze ndinu, malume."

"Anandiletsa ndi mwana uja."

"Ndiye mwana uja akagone naye."

Malume anaika thumba lija pansi. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kabeseni ndi masamba. Anawaza pachivindikiro timadontho tochepa, analankhula mawu aja onse bwinobwino, kutchula dzina la Fanuel ndi langa. Ndinapukuta ndi malaya n'kuiyatsa. Inayaka. Madzi oopedwa aja sanaiphe.

"Koma mwini wake mulibemo," anatero malume.

"Ndiye mundiwaze ineyo. Mumuuze asandilondole."

Anathira madzi otsala pansi pa mtengo wa pichesi. "Iwe si katundu wake, Jailosi. Ndiwe mkulu wake. M'bale sitimuwaza."

Ndinabwereranso kwa Lemani. Ndinamuuza amangenso khoma pakatikati, aikenso Linakisi yatsopano, aiike pamwamba ngati akufuna. Anachita osafunsa. Chipindacho chilipo mpaka lero, chosesa, chopanda kanthu. Madzulo ndimatchaja batire kudzaza, mausi ndimaisiya kumanzere, chingwe ndimakulunga ndekha. M'mawa ndimapeza laputopu yozizira, wotchi ikulondola. Munthu ukamugwetsera nyumba sabwerera chifukwa wamumangira ina.

Chiliza tinamanga. Patapita masiku Nasibeko anatulukira ku shopu, mpango wakuda atavula, mwana ali kumsana, fulashi yatsopano ili m'manja isanatsegulidwe n'komwe m'pepala lake. Ndinamupatsa mpando. Ndinayatsa laputopu, mizere iwiri ija inabwera, ndinaisiya ilowe yokha kumwamba. Sinafunse pasiwedi. Inangotseguka, mbee.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Si iyi," anatero.

Ndinamuuza za khoma, za malo kutha, za mayi wa kwaya. Ndinamuuza kuti anayambitsa ndi msuweni uja, ndi malume amene anamvera mwana, ndi iye mwini amene anakana kutchula dzina limodzi lokha. Sanandidule. Anamasula mwana kumsana n'kumukhazika pamiyendo.

"Nyimbo ija ndinkafuna adzaimve akadzakula," anatero. "Ine mawu ake ndikuwadziwa, koma kaimbidwe kawo sindikatha."

Sanalire. Anandiyang'ana m'maso, mmene sanandiyang'anirepo.

"Mwaonda, alamu. Simukugona?"

"Kukuzizira."

"Kwathu malemu ankabwera m'maloto, miyezi yoyamba ija. Kenako anasiya. Ndinkadabwa kuti apita kuti." Anabereka mwana, anamanga nsalu. Fulashi ija anaisiya patebulo, kumanzere. "Akadzayamba kuimba, mudzajambule. Inu ntchito yanu ndi yomweyo."

Anatuluka kukakwera minibasi ya ku Dedza.

Fulashiyo ili pawindo kunyumba. Foni ndimagona nayo pafupi. Koma kwa ine saimba. Kwa ine amangopuma.

Tsiku la msika lapitali ndinagula bulangeti lina pa kaunjika, lolemera, la kambuku, loposa langa. Ndalama za nyimbo za mlungu wathunthu. Ndinaliyala kumanzere, ndinalankhula mokweza kuti, "Iwe Fanuel, ili ndi lako. Mayeso anatha. Undisiye."

M'mawa ndinalipeza litapindidwa bwinobwino kumiyendo, mmene amapindira anthu a m'maofesi. Amakokabe langa.